Lipoti: Asifaka a ku Daraina ndi zomwe majini awo akunena za nkhalango zodukaduka

Nkhani yake

Lipoti ili likukhudza mtundu umodzi wa lemur, sifaka wa chipewa chagolide, yemwe asayansi amamutcha *Propithecus tattersalli* ndipo eni dera amati ankomba malandy. Padziko lonse amapezeka malo amodzi okha, ku Daraina m'boma la Vohémar, kumpoto chakum'mawa kwa Madagascar, pakati pa mtsinje wa Loky kumpoto ndi wa Manambato kum'mwera. Kwa amene sanaonepo lemur, wachibale wake wapafupi kwathu kuno ndi changa, ngakhale sifaka ndi wamkulu, wolemera pafupifupi makilogalamu 3.5, ndipo amayenda masana. Ian Tattersall anamuona mu 1974, koma Elwyn Simons ndiye anamulembetsa ngati mtundu paokha mu 1988.

Ntchito yanga ndi kuwerenga zotsatira za DNA ya nyama zakutchire n'kuzifotokozera anthu okonza mapulani osamalira nkhalango. Pa ntchitoyi ndimakumana ndi ziganizo ziwiri zomwe anthu amathamangira. Zotsatira zikaonetsa kuti majini, tizigawo ta DNA tomwe mwana amatengera kwa makolo ake, akadali osiyanasiyana, amati nyamazo zili bwino, ndalama zipite kwina. Zikaonetsa kuti nyamazo zinachepa kwambiri, amati alimi ndi oweta ng'ombe a m'deralo ndiwo anawononga. Ku Daraina zotsatira zonse ziwirizi zinatuluka pa nyama imodzi, ndipo ziganizo zonse ziwirizo zinapezeka kuti sizikugwira. N'chifukwa chake ndasankha nkhani imeneyi.

Dera ndi chiwerengero

Ku Daraina kulibe nkhalango imodzi yaikulu. Kuli zidutswa zambirimbiri, zina zouma zothothoka masamba m'chilimwe, zina zachinyontho m'mapiri ngati Binara, ndipo pakati pake pali madambo ndi zitunda za udzu momwe ng'ombe za zebu zimadya. M'mbali mwa timitsinje muli mizere yopyapyala ya mitengo. Nkhalango zonse pamodzi ndi pafupifupi mahekitala 44,000. Kalembera yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anayang'ana zidutswa 75 n'kupeza asifaka mu 44, ndipo anati alipo pakati pa 6,100 ndi 10,000. Gulu la Erwan Quéméré litawerenganso, mu 2010 linati alipo pafupifupi 18,000. Apa pasakhale kusangalala kuti nyamazo zinaswana. Inasintha ndi njira yowerengera, osati asifaka.

Pa dziko lonse la Madagascar chithunzi n'chodetsa nkhawa. Kafukufuku wa Ghislain Vieilledent ndi anzake wa 2018 anapeza kuti dzikolo linataya 44 peresenti ya nkhalango zachilengedwe pakati pa 1953 ndi 2014, ndipo pa zotsalazo 46 peresenti zili pamtunda wosakwana mamita 100 kuchokera m'mphepete. Mu 2020 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo cha kutha, linati mitundu 103 mwa 107 ya ma lemur ili pachiopsezo, ndipo 33 yatsala pang'ono kutheratu. Sifaka wa ku Daraina ali m'gulu lomalizali. Munthu akafika ndi ziwerengero zimenezi m'mutu, n'kuona udzu wazinga timankhalango, amangoti nkhwangwa ndi moto zinadutsa posachedwa.

Zomwe tikadayembekezera

Nyama zikatsekeredwa m'chidutswa chaching'ono, pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba, mitundu ina ya majini imasowa mwangozi chabe, chifukwa nyama yomwe inali nayo yafa isanabereke kapena ana ake sanautenge. Chachiwiri, pakapita nthawi aliyense m'chidutswacho amakhala wachibale, ndiye zimakwerana pachibale, ndipo matenda obisika m'magazi amayamba kuonekera: ana ofooka, kusabereka, kusalimba ku matenda.

Liwiro lake limawerengeka. Pa m'badwo uliwonse kusiyanasiyana kwa majini kumatsika ndi gawo limodzi mwa 2Ne, pomwe Ne ndi chiwerengero cha nyama zomwe zikuberekadi n'kusiya majini awo, osati zonse zomwe mwaziona mumtengo. Ne ikakhala 50, mumataya 1 peresenti pa m'badwo, ndiye pafupifupi 10 peresenti pa mibadwo 10. Ikakhala 10, mumataya 5 peresenti pa m'badwo, ndipo pa mibadwo 10 pafupifupi 40 peresenti yapita. Tsono sifaka sabereka ngati mbewa. Amakwerana chakumapeto kwa Januwale, bere limatenga pafupifupi miyezi 6, amabereka mwana mmodzi, ndipo wamkazi nthawi zambiri amadumphitsa chaka. Mibadwo 10 ya nyama yotere imafanana ndi moyo wa munthu kapena kuuposa. Mfundo imeneyi ndi yomwe yagwira lipoti lonseli, ndipo ndibwereranso kwa iyo.

Momwe DNA inapezekera

Gulu la Quéméré, logwira ntchito ndi Lounès Chikhi, silinagwire nyamazo. Linatola ndowe za asifaka opitirira 200 m'zidutswa zikuluzikulu za dera lonselo, n'kuyeza malo 13 a DNA otchedwa microsatellite, omwe amasiyana kwambiri pakati pa nyama ndi inzake.

Kutola ndowe kumamveka kopepuka kwa amene sanachitepo. Mumafika pansi pa mtengo womwe gulu la asifaka lagona kusanache, aliyense n'kusankha nyama yake yoti aziyang'ana osachotsa maso, chifukwa timibulu tikagwa pa masamba ouma muyenera kudziwa kuti n'ta uti. Timibulu ta nyama ziwiri tikasakanikirana, kompyuta idzakupatsani sifaka yemwe kulibe. Mumatola ndi magolovesi tikadali tofunda, n'kutiika m'kabotolo ka mchenga woumitsa wa silica, n'kulemba gulu, malo ndi tsiku. DNA yomwe mukufuna si ya chakudya ayi, ndi ya timaselo ta m'matumbo tomwe timamatirira kunja kwa kambulu, ndipo imakhala yochepa komanso yoduka. Dzuwa ndi chinyontho zimaiwononga msanga.

M'labotale vuto lalikulu ndi lomwe timalitcha allelic dropout. Nyama ili ndi makope awiri osiyana pamalo amodzi, limodzi la mayi lina la bambo, koma makina agwira limodzi lokha, ndiye pa sikirini pakuoneka nsonga imodzi m'malo mwa ziwiri. Cholakwika chimenechi chimakokera mbali imodzi nthawi zonse: chimachititsa nyama zathanzi kuoneka ngati zobadwa pachibale. Mankhwala ake ndi kubwereza kuyeza kangapo musanavomereze kuti nsongayo ndi imodzidi. Ndikalandira lipoti lochokera ku ndowe lomwe likuti kukwerana pachibale kwafika poipa, funso langa loyamba limakhala lakuti anabwereza kangati, ndipo ndisanayankhidwe sindiwerenga tsamba lachiwiri.

Chopezeka choyamba: majini akadali ambiri

Muyezo wa kusiyanasiyana kwa majini, womwe umayambira pa 0 kufika pa 1, unapezeka pafupifupi 0.7. Pa nyama ya dera laling'ono chonchi ndi wokwera, ndipo zidutswa sizinasiyane kwambiri monga momwe mapu akanakuganiziritsani.

Apa ndi pomwe okonza mapulani amapumira m'mwamba, ndipo ndi pomwe ndimawaletsa. Nkhokwe ikadzaza m'chaka cha chilala, ikukuuzani za mvula ya chaka chatha. Majini a sifaka yemwe ali mumtengo lero anachokera kwa agogo ake ndi agogo a agogowo, ndipo akuonetsa momwe makolowo ankayenderana. Chidutswa chomwe chinadulidwa kwa chinzake zaka 30 zapitazo chadutsa mibadwo yochepa chabe, moti ngakhale mutatsala nyama zowerengeka, muyezo sunayambe kutsika moti makina n'kuona. Kukwera kwa 0.7 kukutiuza kuti chuma chilipo choti titeteze. Sikukutiuza kuti zipata za pakati pa nkhalango zikadali zotseguka chaka chino.

Chopezeka chachiwiri: mtsinje, osati msewu

Atafunsa kompyuta kuti igawe nyamazo m'magulu potengera majini okha, mzere waukulu unagwera pa mtsinje wa Manankolana, womwe umadutsa pakati pa deralo. Kupatula apo, zidutswa zotalikirana zinali zosiyana kuposa zoyandikana, monga zimakhalira nyama zikamasamukira pafupi. Msewu waukulu wa RN5a, wochokera ku Ambilobe kupita ku Vohémar, sunaoneke ngati chotchinga chenicheni.

Zimenezi zikugwirizana ndi khalidwe la nyamayi. Asifaka amakhala m'magulu a nyama 3 mpaka 10, ndipo amuna akakula amachoka kukafuna gulu lina. Ndiwo amanyamula majini kuchoka uku kupita uko. Pamitengo amadumpha kuchoka pa thunthu kupita pa thunthu lina ataimirira, ndipo pansi amanjanja chammbali ndi miyendo yakumbuyo, manja ali m'mwamba. Angathe kudutsa kadambo kakang'ono, makamaka pakakhala mitengo ingapo yopumirapo. Sipafunika kuti amuna ambiri awoloke. Mmodzi kapena awiri pa m'badwo, akabereka kutsidyako, n'ngokwanira kuchedwetsa kwambiri kutayika kwa majini.

Pa mtsinjewu ndili ndi chenjezo. Madzi akhoza kukhala chotchinga, inde, ndipo kwina ku Madagascar zatsimikizika: mtsinje wa Mangoro umagawa ma lemur akuda ndi oyera a *Varecia variegata* m'magulu awiri, akumpoto ndi akum'mwera, monga Andrea Baden ndi anzake anaonetsera mu 2014. Koma m'mbali mwa mtsinje ndi momwenso anthu amamanga midzi ndi kulima mpunga, momwe muli agalu. DNA imaonetsa pomwe mzere wagwera, siuza chomwe chinaujambula.

Za msewu chenjezo langa n'lalikulu kuposa apo. Pomwe ndowe zija zinkatoledwa, RN5a unali wadothi, wodziwika m'dziko lonselo chifukwa cha matope, moti m'dzinja magalimoto ankagona m'njira. Pano unathiridwa phula. Msewu wa phula umabwera ndi liwiro, malonda a makala, ndi midzi yatsopano m'mbali mwake. Amene akugwiritsa ntchito zotsatira za ndowe zija, zomwe zinatuluka mu 2010, kunena kuti msewu suvuta akunena za msewu womwe kulibenso.

Chopezeka chachitatu: kuchepa kunayamba liti

Ichi ndicho chinautsa mapiri pachigwa. Majini anaonetsa kuti asifakawa anali ochuluka kwambiri kale, kenako anatsika. Mu 2012 gulu la Quéméré lomwelo linafalitsa zomwe linapeza litayerekeza zithunzi zakale zojambulidwa pandege ndi za setilaiti: kukula kwa nkhalango za ku Daraina sikunasinthe kwenikweni kwa zaka pafupifupi 60, mosiyana ndi madera ambiri a Madagascar. Ndipo kutsika kwa asifaka kunaoneka kuti kunayamba zaka masauzande angapo zapitazo, anthu asanakhazikike. Iwo anati chilala cha m'nyengo ya Holocene, yomwe ndi zaka pafupifupi 11,700 zapitazi, ndicho chinakulitsa madambo n'kuphwanya nkhalango. Mwa kuyankhula kwina, udzu wambiri wa ku Daraina si chipsera cha moto wa anthu, ndi malo achilengedwe akalekale.

Izi zinatsutsa nkhani yomwe yakhala ikunenedwa kuyambira nthawi ya atsamunda a ku France, yakuti chilumba chonse chinali nkhalango yokhayokha mpaka alimi a tavy, ulimi wodula ndi kutentha, anaiwononga. Nkhani imeneyo si yamaphunziro chabe. Yakhala ikugwiritsidwa ntchito poletsa anthu kudyetsa ng'ombe ndi kutentha udzu, ndiponso pobzala mitengo pamalo omwe mwina sipanakhalepo nkhalango.

Koma madeti ochokera ku majini ndimawagwira ndi manja awiri, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, kompyuta imapereka yankho m'mibadwo, osati m'zaka, ndipo munthu ndiye amachulukitsa. Pa sifaka ena amawerengera zaka 6 pa m'badwo, ena zaka 17 kapena kuposerapo potengera asifaka a kum'mwera omwe atsatidwa kwa nthawi yaitali. Mibadwo 300 ndi zaka 1,800 pa kuwerengera koyamba, koma zaka zoposa 5,000 pa kwachiwiri. Deti limodzi likugwera anthu alipo, linalo likugwera kumbuyo kwambiri.

Chachiwiri, tsiku lomwe anthu anafika pachilumbachi nalonso likukanganirana. Kale ankati zaka pafupifupi 2,000. Mu 2013 Robert Dewar ndi anzake anafotokoza za zida zamiyala za ku Lakaton'i Anja, kumpoto komweko kufupi ndi Antsiranana, zomwe anati n'za zaka pafupifupi 4,000. Mu 2018 ena anati mafupa a mbalame zikuluzikulu zomwe zinatha ali ndi mabala a mpeni a zaka zoposa 10,000, ndipo ena sakuvomereza. Chomwe ambiri akugwirizana n'chakuti kusintha kwakukulu kwa malo kunadza ndi kufala kwa ng'ombe ndi midzi zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Anthu ochepa osaka ndi kutola sangafanane ndi oweta.

Chachitatu ndi chovuta kuchimva koma ndicho chofunika kwambiri. Mapulogalamu ambiri owerengera kuchepa kwa nyama amaganiza kuti nyama zonse zili m'gulu limodzi losakanikirana bwino. Chikhi yemweyo ndi anzake anaonetsa mu 2010 kuti nyama zikakhala m'zidutswa zoyenderana pang'onopang'ono, inu n'kutola m'chidutswa chimodzi, pulogalamuyo imanena kuti zinatsika ngakhale chiwerengero chake sichinasinthe. Chifukwa chake n'chakuti m'chidutswacho mumapezeka majini ambiri ofanana, a pachibale, pamodzi ndi ena ochepa osiyana kwambiri omwe anabwera ndi alendo, ndipo maonekedwe amenewo ndi omwewo omwe gulu lalikulu limasiya likatsika. Choncho kudukaduka kwa malo ndi kuchepa kwa nyama zimavala nkhope imodzi. Njira yochepetsera vutoli ndi kutola m'zidutswa zambiri, n'kuyesa kuwerengera ndi nyama imodzi kapena ziwiri za chidutswa chilichonse.

Mu 2017 Jordi Salmona ndi anzake anabwereza nkhaniyi ndi njira zoganizira za zidutswa, n'kuphatikizapo sifaka wakuda wa Perrier, *Propithecus perrieri*, wa ku Analamerana ndi Andrafiamena, kutsidya kwa Loky. Anapeza kuti kuuma kwa nyengo ndi kufala kwa anthu zonse zinathandizira. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe umboni wafika. Nkhalango za ku Daraina zinayamba kudukaduka kalekale pa zifukwa zachilengedwe, anthu anadzawonjezera pambuyo pake, ndipo mlimi wa lero sanapeze nkhalango imodzi yaikulu n'kuiphwanya.

Izi siziyenera kutengedwa kupita nazo kwina mwachisawawa. Kumpoto chakumadzulo, kafukufuku wa Gillian Olivieri wa 2008 pa tima lemur tating'ono ta *Microcebus*, ndi wa Mathias Craul wa 2009 pa *Lepilemur edwardsi* wa kufupi ndi Ankarafantsika, anapeza kutsika kwa m'zaka mazana ochepa apitawa, kogwirizana ndi ntchito za anthu. Tinyama ta *Microcebus* timabereka tili ndi chaka chimodzi, ndiye majini ake amaonetsa bala msanga.

Zomwe majini sanaone

Choopsa cha lero ku Daraina chili pansi pa mitengo. M'deralo muli golide, ndipo ku Andranotsimaty, m'nkhalango ya Bekaraoka, anthu amakumba maenje pakati pa mizu n'kusefa dothi, asifaka ali pamwamba pawo akudya, atazolowera anthu moti sathawa. Mtengo wodulidwa mizu umaima nyengo zingapo, kenako umagwa. Pa chithunzi cha setilaiti denga la nkhalango limaoneka lathunthu mpaka mochedwa.

Eni dera ali ndi fady, mwambo woletsa kupha kapena kudya sifaka, ndipo ndiwo wateteza nyamayi kwa nthawi yaitali kuposa lamulo lililonse la boma. Obwera kudzakumba golide kuchokera kumadera ena si onse omwe amausunga. Mu 2009, boma litagwedezeka pa mavuto a ndale, ku Daraina kunajambulidwa zithunzi za ma lemur ophedwa n'kuwambidwa kuti akagulitsidwe m'malo odyera. Nyama yobereka mwana mmodzi pa zaka ziwiri singapirire zimenezo, ndipo gulu likhoza kutha m'nyengo imodzi majini ake akadali pa 0.7.

Malangizo

Pa funso la kusamutsa asifaka kuchoka m'chidutswa china kupita kwina kuti asakanize magazi, yankho langa pakadali pano n'lakuti ayi. Palibe umboni woti kukwerana pachibale kwayamba kuwafooketsa, sifaka ndi wovuta pa chakudya ndipo salimba akagwidwa, komanso wobwera amakafika m'dera lomwe gulu lina likulilondera. Kuwolotsa nyama pa Manankolana kungafafanizenso kusiyana komwe sitinamvetse chiyambi chake. Ndingasinthe maganizo pa chidutswa chomwe chatsala ndi magulu awiri kapena atatu ndipo chatalikirana ndi zinzake zonse.

Ndalama zoyamba zipite ku mizere ya mitengo ya m'mbali mwa timitsinje ndi timitengo tapakati pa zidutswa. Pa mapu timaoneka ngati zinyalala, ndipo nthawi zambiri timasiyidwa kunja kwa malire otetezedwa kwambiri, koma ndimo modutsa amuna osamuka. Kusunga mzere womwe ulipo n'kotchipa kuposa kubzala watsopano. Dera lotetezedwa la Loky-Manambato, lomwe bungwe la Fanamby limayang'anira pamodzi ndi midzi, ndi la mtundu womwe anthu amaloledwa kukhalamo ndi kugwiritsa ntchito malo, choncho nkhani ya mizereyi ndi yokambirana ndi eni minda ndi eni ng'ombe, mudzi ndi mudzi. Kukambirana kumeneko kumayenda bwino wolankhulayo akapanda kuyamba ndi kuwauza kuti makolo awo ndiwo anatentha nkhalango.

Kubzala mitengo kuchitike pomwe zithunzi zakale zikuonetsa kuti panalidi mitengo, kapena pomwe mpata wa pakati pa zidutswa ziwiri ndi waufupi. Kudzaza madambo onse ndi mitengo si kubwezeretsa chilichonse.

Chomaliza ndi kutolanso ndowe m'malo omwe aja, makamaka mbali zonse ziwiri za RN5a. Pa ntchito imeneyi muyezo wa kusiyanasiyana kwa majini sungathandize, chifukwa udzatenga mibadwo kuti usunthe. Chofunika ndi kufufuza ubale wapafupi: bambo kutsidya lino, mwana wake wamwamuna kutsidya lija. Awiri otere akapezeka, ndiye kuti sifaka anawoloka m'zaka zochepa zapitazi, ndipo malo omwe apezeka adzasonyeza pomwe payenera kuikidwa zochepetsa liwiro la magalimoto kapena kusiyidwa mitengo yogundana nthambi pamwamba pa msewu. Malo 13 a microsatellite amakwanira kuzindikira kholo ndi mwana, koma pa abale a bambo mmodzi mayi osiyana amasokoneza, choncho ulendo uno pafunika malo ambiri oyeza, ndipo ngati DNA yakale ija inasungidwa iyezedwenso ndi njira yomweyo kuti zotsatira zifanizike.